Mafunso a gitala ya hauyani yakale: chokonza ndi chosiya

Bambo wina wa ku Rosettenville, ku Joni, akufunsa: Amisiri, ndinagula kagitala kakang'ono pa shopu ya zinthu zopinyolitsa. Kalembedwa kuti Supro, nsambo zake zili m'mwamba kwambiri moti sizingapanikizike ndi chala. Ndikalumikiza ku ampulifaya mawu amamveka chapatali, zokwezera voliyumu zimathetheka, ndipo timitu ta makiyi ochunira tikuyoyoka. Mnzanga akuti ndichotse pickup yakaleyo, kachipangizo kaja kotola mawu a nsambo, ndiike yatsopano. Nditero?

Ayi achimwene, musayerekeze. Poyamba dziwani kuti nsambo zili m'mwambazo si vuto, anaipanga choncho dala. Imeneyo ndi lap steel, ija kwathu ku Malawi timaitcha hauyani, imene Ndiche Mwarare anatchuka nayo. Mumaigoneka pamiyendo n'kumayendetsa kachitsulo pamwamba pa nsambo. Kaimbidwe kameneka anakayamba Joseph Kekuku ku Hawaii cha m'ma 1880, ndipo gitala yoyamba yamagetsi yogulitsidwa pamsika, ya Rickenbacker ya 1932, inali ya mtundu womwewu. Supro yanuyo inapangidwa ndi kampani ya Valco ku Chicago, yomwe inatsekedwa mu 1968, ndiye kuti ndi yakale kuposa ambiri a ife.

Chimene anthu amafunira ma Supro ndi pickup imene mnzanuyo akufuna kutayayo. Pa ambiri mwa iwo nsambo zimadutsa mkati mwake, pansi pa kambale kachitsulo, maginito ali m'mbali. Mawu ake ndi onenepa, okhakhala pang'ono mukakweza, ndipo pickup yatsopano singakupatseni amenewo. Kuti yatsopano ikwane muyeneranso kusema thabwa, ndipo thabwa losemedwa silibwerera.

Yambani ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Lowetsani chingwe mu gitala, kwezani voliyumu mpaka kumapeto, yezani ma ohm kunsonga ina ya chingwecho. Mukapeza ma kilo-ohm angapo, koyilo, waya uja wokulungidwa mkati mwa pickup, ili moyo. Mita ikapanda kuwerenga kanthu, kapena ikaonetsa ma kilo-ohm mazanamazana, waya waduka penapake, koma musathamangire kunena kuti koyilo yafa. Nthawi zambiri waduka panja, pamene kawaya ka koyilo kanawotcheredwa ku waya wamkulu, kapena pa jack, polowera chingwe paja. Kawaya ka koyiloko n'kowonda kuposa tsitsi, ndiye pafunika galasi lokulitsira zinthu ndi dzanja losanjenjemera. Ngati wadukiradi mkati, koyilo imakulungidwanso ndi waya watsopano pa chimango chake chomwecho, ndipo ntchito imeneyo ipatseni munthu amene ali ndi makina ake.

Koyilo ili bwino koma mawu n'kukhalabe otsika, onani maginito. Tengani sikuludiraiva yaing'ono muyandikize pa pickup: iyenera kukoka mooneka. Maginito akale amafooka, koma amatchajidwanso. Chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu wina anamasula pickup kuti apukute, pobwezeretsa n'kutembenuza maginito amodzi. Awiriwo akamatsutsana, nsambo zina zimalira, zapakati zimangoti zii. Choncho musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni, ndipo ikani kadontho ka maka pa maginito aliwonse kuti mudziwe mbali yam'mwamba.

Kuthetheka kwa voliyumu ndi fumbi ndi dzimbiri. Thirani contact cleaner mkati mwa pot, kachipangizo kamene kali pansi pa chokwezera voliyumu, zungulizani uku ndi uku mpaka kutasiya. Mafuta omasulira mabawuti asayandikire pamenepo.

Timitu ta makiyi ndi pulasitiki yakale yomwe imawola yokha, ndipo ikamawola imatulutsa mpweya wochititsa dzimbiri zitsulo zoyandikana nayo. Musasinthe makiyi onse. Phwanyani timitu takaleto ndi pulayala, palani kachitsulo kotsalako, katenthetseni ndi soldering iron, kenako kankhirani kamutu katsopano kalowe kakadali kotentha. Kakazizira kamagwira kolimba. Kadontho ka mafuta a makina osokera pa giya iliyonse, basi.

Mnyamata woimba pa tchalitchi china ku Yeoville: Abwana anga andipatsa ampulifaya yakale ya ma valve yochokera ku America, pulagi yake ya mano awiri. Ndingogula adaputa?

Mukatero mudzangomva fungo la kupsa. Magetsi a kuno ndi 230 volts, pamene ampulifaya zakale za ku America zinapangidwira 110 mpaka 120. Adaputa imangosintha maonekedwe a pulagi, mphamvu siisintha. Pafunika thiransifoma yotsitsa magetsi, ndipo ikhale yoposa ma watt olembedwa kumbuyo kwa ampulifayayo.

Koma thiransifoma siithetsa zonse. Pulagi ya mano awiri ilibe waya wa earth, ndipo ampulifaya zambiri zakale zili ndi capacitor, kachipangizo kosunga magetsi, yolumikiza magetsi ku chitsulo cha ampulifaya. Ikaonongeka, nyesi imafika pa nsambo. Woimba lap steel dzanja lina lagwira chitsulo, lina lili pa nsambo, pakamwa pali pafupi ndi maikolofoni. Zina zotchipa kwambiri zinalibe n'komwe thiransifoma mkati yolekanitsa magetsi a kukhoma ndi chitsulo chake. Ipititseni kwa mmisiri aike chingwe cha mano atatu, achotse capacitor imeneyo, ayezenso zazikulu zosefa magetsi. Inu musalowetse dzanja mkati ngakhale mutazimitsa, chifukwa zimenezo zimasunga ma volt mazanamazana.

Pa nthawi ya load shedding zulani pulagi kukhoma, muyatsenso magetsi atabwera n'kukhazikika. Mukaiyendetsa ndi inverter yotchipa ndipo ikung'ung'udza, vuto ndi inverter, osati gitala.

Mayi wina wa ku Tembisa: Mwana wanga akufuna kuphunzira hauyani koma ndalama yogulira ina palibe. Pakhomo pali gitala wamba yopindika khosi.

Mayi, gitala yopindika khosi ndiye yoyenera ntchito imeneyi, popeza nsambo sizikhudza ma fret, tizitsulo tija ta pakhosi. Akuluakulu kwathu ankalowetsa msomali kapena kathabwa pansi pa nsambo kumutu, n'kumaimba ndi kabotolo kapena msana wa mpeni. Lero kuli kachitsulo kotchedwa nut extender, kongovundikira pa nut yakale, pamene nsambo zimatsamira kumutu, osabowola paliponse. Chofunika n'chakuti nsambo zonse zikhale mulingo umodzi pamwamba, apo ayi kachitsulo koimbira kazikhudza zina n'kuphonya zina. Ayambe ndi kachunidwe ka open D kapena open G, pamene nsambo zonse zikalira pamodzi zimapanga chord imodzi. C6, ija ya C, E, G, A, C, E, imafuna nsambo za makulidwe akeake. Mukakoka nsambo wamba kufika pamenepo muzidula.

Wina wa ku Turffontein: Yanga ndi ya thabwa, yang'aluka pang'ono kumbuyo m'mwezi wa July. Ndikufuna ndiipale ndi sandipepa, ndiipake penti, kenako ndiitumize kumudzi pa basi.

Mng'aluwo wabwera ndi kuuma kwa Joni. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, nyengo yozizira mvula kulibe, ndiye tikawonjezera hita m'chipinda thabwa limafota. Isungeni m'bokosi lake, muikemo kasiponji konyowa pang'ono m'kachitini kobowola, osakhudza gitala. Mng'alu ukatsekeka, lowetsani guluu wa matabwa ndipo mupanikize usiku wonse. Guluu wouma msanga uja amadetsa vanishi.

Za penti ndikukanizani. Vanishi yakale yosweka timizeretimizere imangofuna kansalu konyowa pang'ono, ndipo ogula gitala zakale amatsitsa mtengo akaona kuti yapakidwanso. Chilichonse chimene mwachotsa, kaya ndi pot, kaya sikulu yadzimbiri, ikani m'kapepala ka pulasitiki musunge m'bokosi momwemo.

Potumiza, masulani nsambo pang'ono, kulungani mutu ndi nsalu, dzazani bokosi ndi zovala kuti isagwedezeke. Ulendo wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete ndi wotentha, ndipo katundu wam'ngolo amasanjikizidwa ndi mafiriji ndi zigubu za mafuta ophikira. Ngati pali m'bale amene akupita, aikwere nayo mkati mwa basi.