Za "IC yapsa" ija, achemwali

Achemwali, mwafunsa kuti wokonza mafoni wa ku Malangalanga ankatanthauza chiyani ponena kuti IC (integrated circuit, kachidutswa kakang'ono ka pabodi ya m'kati mwa foni) yapsa, komanso ngati n'zoona kuti kanthu kameneko kamachokera ku mchenga. Sanakunamizeni. Mumchenga muli silikoni, kungoti amayamba amusungunula n'kumuyeretsa mpaka osatsala ndi kachitsotso komwe, ndiye musathamangire ku Lingadzi ndi fosholo.

Waya wa kopa amadutsitsa magetsi nthawi zonse, pomwe pulasitiki yokuta wayayo siidutsitsa n'komwe. Silikoni ali pakati pa ziwirizi, n'chifukwa chake amamutcha semiconductor. Akakhala woyera amadutsitsa magetsi pang'ono zedi, popeza atomu yake ili ndi maelekitironi (tinthu tonyamula magetsi) 4 kunja ndipo onsewo agwirana manja ndi a maatomu oyandikana nawo. Palibe woti n'kutumidwa. Ndiye amisiri amathiramo dala zinthu zina, pang'ono kuposa mchere wa m'ndiwo. Akathira phosphorus, yemwe ali ndi maelekitironi 5, imodzi imasowa pogwira n'kumangoyendayenda. Imeneyo ndi N-type. Akathira boron, wa maelekitironi 3, pamatsala mpata, ndiye P-type.

Za mpatazi ndi zomwe zinkandizunguza mutu kusekondale. Taganizirani benchi ya pamzere kuchipatala. Wakutsogolo akalowa kwa adokotala, wachiwiri amasendera, wachitatu nayenso, ndipo malo opanda munthu aja amayenda kubwerera m'mbuyo mpaka kumapeto kwa benchi. Anthu akupita uku, mpata ukupita uko. Mu P-type magetsi amayenda chomwecho.

Mukalumikiza N ndi P mwapanga diode, yomwe imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo ya silikoni imatseguka akafika mavoti pafupifupi 0.7. Mutchaja yanu muli madiode amene amawongola magetsi a pakhoma a mavoti 230, omwe amapita uku ndi uku, asanatsitsidwe kufika pa 5. Mukaika zigawo zitatu za N ndi P mosinthanitsa mwapeza transistor, yomwe ili ngati mpopi: kamphamvu kochepa pamwendo wake umodzi kamatsegula kapena kutseka njira ya magetsi ambiri. Yoyamba inapangidwa mu 1947 ku Bell Labs ku America, ndi germanium osati silikoni, ndipo John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1956. IC tsono ndi timipopi timeneti tambirimbiri pakachidutswa kamodzi. Purosesa, IC yomwe ili ngati ubongo wa foni yamakono, yongofanana ndi chikhadabo, imakhala nato mabiliyoni. Mapanelo a sola nawonso ndi N ndi P yemweyo, kuyambira kakang'ono ka padenga ku Area 25 mpaka munda wa mamegawati 60 wa ku Salima umene unayamba ntchito mu 2021.

Nanga imapsa bwanji? Mdani wake ndi kutentha. Silikoni akatentha maelekitironi ambiri amamasuka, magetsi amayamba kudontha modutsa posayenera, kudonthako n'kuwonjezeranso kutentha. Ine foni yanga ndinaipha ndekha mu Okutobala: tchaja yotchipa ya pamsewu, foni pansi pa pilo usiku wonse, m'mawa inali ngati mbatata yootcha, osayakanso. Magetsi akabwerera mwamphamvu atazima amathanso kuboola tizigawo timeneti nthawi imodzi.

M'kati mwa IC simulowa sodala, choncho wokonzayo sakonza IC yeniyeniyo. Amaizula ndi makina ouzira mpweya wotentha n'kumatapo ina, kawirikawiri yochotsa pabodi ya foni yakufa. Mufunseni kuti yapsa ndi iti. Ikakhala ya tchaja, ntchito yake ndi yotheka ndipo mugwirizane mtengo asanatsegule. Akati ndi purosesa, yambani mwafunsa ngati zithunzi ndi manambala anu angapulumuke, chifukwa ndalama yake mwina ingakugulireni foni ina.