Amayi akugona chokhala chifukwa cha mtima: yankho kwa achemwali a ku Chibavi

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wokhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo atandilola ndaganiza zoyankha poyera, chifukwa funso lakelo ndalimva kambirimbiri pa zaka zimene ndagwira ntchito ya unamwino mu wodi ya anthu akuluakulu. Iye akuti mayi ake, a zaka 64, akhala akumwa mankhwala a BP modumphadumpha kwa zaka zingapo. Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala atatupa miyendo ndi kubanika, ndipo adokotala atawajambula ananena kuti mtima wakula. Atatuluka anapezako bwino, koma tsopano asiya kumwa kapiritsi kamene kamawakodzetsa pafupipafupi, miyendo yayambiranso kutupa, ndipo usiku akumagona chokhala pampando. Funso lake ndi ili: "Kodi vuto ndi mtima kapena mapapo, nanga ine wowasamalira ndichite chiyani?"

Achemwali, ndiyambe ndi chofulumira. Musadikire tsiku limene analemba m'buku lawo la kuchipatala lija. Munthu wodwala mtima akafika polephera kugona chagada, ndiye kuti madzi ayamba kale kudzaza m'mapapo, ndipo ayenera kuonedwa ndi dokotala lero kapena mawa lomwe. Zina zonse zimene ndilembe m'munsimu ndi zokuthandizani kumvetsa ndi kusamalira, koma sizikulowa m'malo mwa ulendo umenewo.

Pa funso lanu loyamba, gwero ndi mtima, koma amene akumva kuwawa ndi mapapo. Mtima uli ndi zipinda zinayi. Mbali ya kumanja imalandira magazi ochokera m'thupi lonse n'kuwatumiza ku mapapo kuti akatenge mpweya wa okosijeni, ndipo mbali ya kumanzere imalandira magazi ochokera ku mapapowo n'kuwakankhira m'thupi lonse. BP ikakhala yokwera kwa zaka zambiri, mbali ya kumanzereyi imagwira ntchito ngati munthu wokankha njinga ya makala pachitunda tsiku ndi tsiku. Poyamba mnofu wake umakhuthala, kenako umatopa ndi kutamuka, ndipo n'zimene adokotala amaona pa chithunzi akamati mtima wakula. Mtima wotere sunaleke kugunda ayi, koma sukutha kutulutsa magazi onse amene ukulandira. Inu a ku Chibavi mukudziwa zimene zimachitika mvula ya mu April ikagwa ngalande itatsekeka: madzi sapita kutsogolo, amabwerera m'makomo. Magazi nawonso amabwerera m'mitsempha ya m'mapapo, madzi ake n'kumawukhira m'timatumba ta mpweya. Mbali ya kumanja ikatopanso, madzi amadikha m'miyendo, m'chiwindi ndi m'mimba. Impso zikaona kuti magazi akufika ochepa zimayamba kusunga mchere ndi madzi, motero vuto limangokulirakulira.

N'chifukwa chake amayi akukana bedi. Masana akakhala pansi kapena kuimirira, madzi amatsikira ku miyendo. Akagona chagada, madzi omwewo amabwerera pachifuwa, ndipo pakati pa usiku munthu amadzidzimuka ali wefuwefu, kufunafuna zenera. Musawakakamize kugona bwinobwino ngati kale. Mu wodi timakweza kumutu kwa bedi, ndipo kunyumba mukhoza kusanjikiza mapilo atatu, kapena kuika bulangete lopinda ngakhale thumba lodzaza zovala pansi pa matiresi chakumutu, kuti msana wonse utsamire osati khosi lokha. Akabanika kwambiri, akhale m'mphepete mwa bedi miyendo ili lendelende, manja atatsamira patebulo, pamene inu mukufuna galimoto.

Tsopano za kapiritsi kamene asiyako, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene odwala athu ambiri amagwera. Mwa kufotokoza kwanu ndi furosemide, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Lasix. Ntchito yake n'kuuza impso kuti zitaye mchere ndi madzi ochuluka aja, choncho kukodza pafupipafupi si vuto la mankhwala, ndiye kugwira ntchito kwake. Koma ine sindiwadzudzula amayi. Taganizirani munthu wachikulire, mwezi wa June kuno kwathu chisanu chili m'mafupa, chifunga chili tolo, chimbudzi chili panja kuseri kwa nyumba, akudzuka kanayi usiku umodzi. Kapena ali kutchalitchi, kumaliro, mu minibasi yopita ku Ekwendeni, ndipo akuchita manyazi kupempha kuti aime. Ndikukumbukira agogo ena amene ndinawapeza atamanga timapiritsi timeneti pakona ya chitenje, khumi ndi tiwiri, chifukwa sankafuna kuvutitsa mdzukulu wawo kuwaperekeza kuchimbudzi usiku. Titawasinthira nthawi yomwera n'kuwaikira ndowa yovindikira pafupi ndi bedi, nkhani inathera pomwepo. Mankhwalawa amayamba kugwira pasanathe ola limodzi ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola pafupifupi sikisi, choncho amwe m'mawa. Ngati analemberedwa kawiri patsiku, kachiwiriko kakhale masana cha m'ma 2 koloko, osati pogona. Tsiku la ulendo akhoza kumwa atafika kumene akupita, koma lisadutse tsiku osamwa.

Mwina anapatsidwanso enalapril, amene amamasula mitsempha kuti mtima usavutike pokankha magazi, ndipo ena amawonjezeredwa spironolactone kapena digoxin. Enalapril kwa anthu ena amabweretsa kachifuwa kouma kokereketa pakhosi. Zikatero musasiye nokha, kauzeni adokotala chifukwa alipo ena ofanana naye amene angasinthire. Ngati akumwa digoxin ndipo ayamba nseru, kusanza, kapena kuona zinthu mwachikasu, pitani nawo msanga. Akatsekula m'mimba kapena kusanza kwambiri, musapitirize mwakachetechete kapena kusiya mwakachetechete, kafunseni, chifukwa thupi likauma mankhwala okodzetsa amatha kuvulaza impso. Ndipo ndikupempheni ndi mtima wonse kuti musawagulire brufen, diclofenac kapena indocid m'magolosale akamadandaula mawondo. Mankhwala amenewa amachititsa thupi kusunga madzi ndipo amafooketsa ntchito ya mapiritsi a mtima. Panado ndiye wabwinoko. Zitsamba za m'mabotolo zimene zimalengezedwa kuti zimatsuka magazi ndi kuthetseratu BP sindizikhulupirira, chifukwa palibe amene angakuuzeni zimene zili m'kati mwake, pamene impso za amayi zili kale pa ntchito yolemetsa.

Pa zakudya, mdani wamkulu ndi mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, komwe n'kusakwana bwino supuni yaing'ono ya tiyi, kuwerengera pamodzi wa mu ndiwo zonse. Ambiri amangochotsa kambale ka mchere patebulo n'kuiwala umene wabisala. Nsomba zouma zothira mchere muzizinyika ndi kutaya madzi ake musanaphike, ndipo usipa wauwisi wa ku Nkhata Bay ukapezeka ndi wabwino kuposa. Timibulu tokometsera ndiwo, soseji, tchipisi za pachiwaya ndi kanyenya zili ndi mchere wambiri. Chimene anthu amadabwa nacho kwambiri ndi soda wophikira therere ndi chigwada: iye ndi m'bale wake wa mchere, ndipo m'thupi amasunga madzi chimodzimodzi. Kometserani ndi tomato, anyezi, adyo, mandimu ndi nsinjiro. Langizo langa n'lakuti banja lonse lichepetse mchere pamodzi, chifukwa kholo likamapatsidwa kapoto kake kozizira pamene ena akunyambita zala, limadziona ngati losalidwa ndipo limayamba kubisa mchere m'chipinda. Ndiponso phindu ndi la nonse. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Inunso, pokhala mwana wawo, mukakawaperekeza mukayezetse. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa maulendo angapo, ndi matenda ofunika chithandizo ngakhale mutu usakuwawa.

Za madzi akumwa musadziikire malire nokha. Ena adokotala amawauza kuti asapitirire lita imodzi ndi theka patsiku, kuwerengera tiyi, phala ndi thobwa, koma ena sauzidwa zimenezo. Funsani muyezo wa amayi ndipo mulembe.

Ntchito yaikulu ya namwino ndi kuona, ndipo imeneyi mukhoza kuigwira inu kuposa ife, popeza muli nawo usana ndi usiku. Ngati mungapeze sikelo, ayezeni m'mawa uliwonse atakodza, asanadye, atavala zovala zofanana, n'kulemba m'kakope. Akakwera makilogalamu 2 pa masiku atatu, amenewo si mafuta, ndi madzi, ndipo sikelo imaona zimenezi maso asanaone. Dinani ndi chala pa fupa la msongolo kwa kanthawi. Pakatsala kadzenje, onani ngati kutupako kukukwera kuchoka pa akakolo kupita ku mawondo. Ngati akhalitsa pabedi, yang'anani kumunsi kwa msana, chifukwa madzi amadikha kumeneko. Werengani kupuma kwawo kwa mphindi imodzi ali phee osawauza: munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20. Werenganinso mapilo. Amene amagona ndi awiri sabata yatha koma lero akufuna anayi, akukuuzani kanthu ngakhale pakamwa akunena kuti ali bwino, monga amachitira makolo athu posafuna kudetsa ana nkhawa.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka simudikira kuti kuche. Kubanika ali chikhalire mpaka kulephera kumaliza chiganizo, kutsokomola thovu loyera kapena lofiirira, milomo ndi lilime kuda, thukuta lozizira, kupweteka kofinya pachifuwa, kukomoka, kusokonezeka maganizo, kapena kutha tsiku lonse osakodza kwenikweni. Onjezani pamenepo kukhota kukamwa, kufooka kwa dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ndi kulankhula kosamveka, zimene ndi zizindikiro za sitiroko. Zikatero thamangirani ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chilichonse chimene chili pafupi, monga St John's, wodwala ali chokhala m'galimoto, osati chogona. Kumeneko adzaikidwa kachida kopana chala koyeza mpweya m'magazi. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba, ndipo akatsika kufika pansi pa 90 timamuika pa okosijeni n'kumubaya furosemide wa mumtsempha. Ndaonapo anthu obwera ali kakasi, pakutha pa maola awiri atakodza mokwanira akupempha phala. Ndinenenso pano kuti okosijeni sapha munthu. Mphekesera imeneyi inakula chifukwa ambiri amafika mochedwa ndipo achibale amangokumbukira chinthu chomaliza chimene anaona pamphuno pa wodwala. Musakane, ndipo musalole wachibale wina kukana m'malo mwa amayi.

Komabe si chifuwa chilichonse chimene chili cha mtima. Akatentha thupi, kumva kubaya m'nthiti ndi kutulutsa makhololo achikasu, chikhoza kukhala chibayo, chimene chimagwetsa msanga mtima wofooka kale. Chifuwa chikapitirira masabata awiri pamodzi ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, akayezetse makhololo a TB, ndipo kuyezako n'kwaulere m'zipatala za boma. Utsi nawo ndi nkhani ya kuno kwathu. Nyengo yozizira ambiri timalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mazenera, pamene makala amatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Mbaula isagone m'chipinda cha amayi. Awonjezereni bulangete, masokosi ndi chipewa, ndipo pophika ndi nkhuni asakhale m'khitchini.

Madzi akaphwa musawasandutse munthu wa pabedi. Kugona kosalekeza kumafooketsa minofu, kumabweretsa zilonda pamsana ndi m'matako, ndiponso magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo; mwendo umodzi wokha ukatupa ndi kuwawa, kaonetseni tsiku lomwelo. Aziyenda pang'onopang'ono pabwalo, pamalo athyathyathya, mpaka pamene akutha kuyenda akulankhula, n'kupuma. Kusankha nyemba, kusenda mbatata ndi kucheza ndi adzukulu asaletsedwe. Kutunga madzi, kulima ndi kusenza nkhuni ndiye zisiyidwe. Khungu la miyendo yotupa limang'ambika msanga, choncho muzilipukuta bwino, kulidzoza mafuta, ndipo akakhala pampando muzikweza mapazi pa kampando kena ngati sakubanika.

Simunafunse mwachindunji ngati adzachira, koma ndikumva funsolo pansi pa kalata yanu. Mtima umene wakula chifukwa cha BP kawirikawiri subwerera mwakale, ndipo mankhwala ndi a moyo wonse, ngakhale pa masiku amene akumva bwino. Koma ndikudziwa anthu amene akhala zaka zambiri ndi matendawa, akupita ku kwaya ndi kumsika, chifukwa panali wina pakhomo wowerenga mapiritsi ndi kukatenga ena asanathe. Gawanani ntchitoyi ndi abale anu kuti musatheretu mphamvu nokha. Popita kuchipatala mawa, tengani buku lawo, mapaketi onse a mankhwala ngakhale amene anasiyawo, pamodzi ndi chilichonse chimene anagula kapena kupatsidwa ndi anansi. Nenani mosabisa tsiku limene anasiya furosemide ndi chifukwa chake, pemphani kuti ayezedwe magazi a impso, ndipo ngati amayi amamasuka bwino m'Chitumbuka, pemphani namwino kuti awafotokozere iwo eni m'chinenero chimenecho nthawi yomwera piritsi lililonse. Mukabwerako mundilembere mmene zayendera.