Funsani Akatswiri: Katundu wasintha, kodi ma sprinkler akale akwanirabe?

Funso: Ndimayang'anira nyumba yosungiramo katundu ku Chinika, mu Lusaka. Ma sprinkler, timipopi ta kudenga towaza madzi moto ukabuka, anaikidwa pamene tinkasunga zakudya za m'zitini. Tsopano abwana avomera kusunga ndowa za pulasitiki ndi matiresi a siponji, ndipo a inshuwalansi akuti gulu la katundu liunikidwenso. Nyumba ndi yomweyo, mapaipi ndi omwewo. Vuto lili pati? — Woyang'anira katundu, Chinika

Yankho: Bambo, a inshuwalansi akunena zoona. Injiniya poyeza kukula kwa pampu, thanki ndi mapaipi amayambira pa funso limodzi: katundu uyu akagwira moto adzayaka motani? Kilogalamu imodzi ya pulasitiki wa ndowa imatulutsa kutentha koposa kawiri kwa kilogalamu ya matabwa. Madzi amene anayezedwera zitini sangagonjetse moto wotero.

Malamulo a ku America a kaikidwe ka ma sprinkler otchedwa NFPA 13, amene mainjiniya ambiri amatsatira, amagawa katundu motere. Class I ndi zinthu zosayaka, monga zitini ndi magalasi, zili m'katoni yopyapyala pa paleti yamatabwa. Zomwezo zikalowa m'bokosi lamatabwa kapena m'katoni yochindikala zimakhala Class II. Mapepala, matabwa ndi nsalu za thonje ndi Class III, bola pulasitiki wowopsa asapitirire 5 peresenti. Akafika pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya kulemera, talowa Class IV. Pamwamba pa zonsezi pali Group A, mapulasitiki owopsa aja, monga polyethylene, polypropylene, polystyrene ndi polyurethane. Ndowa zanu ndi matiresi zili kumeneko.

Matiresi ndiwo otidetsa nkhawa kwambiri. Siponji ndi pulasitiki wofufuma, wodzaza mpweya, choncho moto umathamanga msanga. Akakhala poyera, opanda katoni, ndiye poipitsitsa, chifukwa katoni imanyowa ndi madzi a sprinkler n'kuchedwetsa moto, pamene pa pulasitiki madzi amangotsetsereka.

Ambiri amalakwitsa poyang'ana za m'kati zokha, kuiwala zokutira. Chitani izi: tengani paleti imodzi yodzaza, muyeze padera katundu, makatoni, pulasitiki ndi siponji yotetezera, ndipo mulembe zonse. Siponji ndi yopepuka, ndiye imawerengedwanso ndi malo amene yatenga, osati sikelo yokha. Onaninso paletiyo. Ya pulasitiki wamba imakweza gulu ndi sitepe imodzi, yolimbitsidwa imakweza ndi masitepe awiri. Pepala la pulasitiki lokulunga m'mbali ndi pamwamba pomwe limatchinga madzi kuti asanyowetse makatoni, ndipo injiniya ayenera kudziwa zimenezo. Ngakhale zakumwa zosayaka, zikakhala m'makreti a pulasitiki, zimawerengedwa ngati Group A.

Musaganize zoti ndowa ndi zochepa poyerekeza ndi zitini. Katundu akasakanizana, nyumba yonse imatetezedwa molingana ndi wowopsa kwambiri, pokhapokha atapatulidwa malo akeake otetezedwa mokwanira. Mafuta ophikira, penti ndi zitini zopopera zili ndi malamulo ena, NFPA 30 ndi NFPA 30B, ndiye musazilowetse m'magulu amenewa.

Podikira injiniya, tsitsani milu. Siyani mpata wa masentimita 46 pansi pa sprinkler wamba, kapena 91 ngati ndi za mtundu wa ESFR, zothira madzi ambiri msangamsanga. Pa mashelefu, mipata ya masentimita 15 pakati pa mapaleti isatsekedwe, poti ndimo madzi amatsikira. Mapaleti opanda kanthu atulutseni panja, kutali ndi khoma.

Injiniya akabwera, mupatseni kutalika kwa milu, kutalika kwa denga, m'lifupi mwa njira zapakati ndi zomwe munayeza zija. Iye ndiye adzanene ngati pakufunika ma sprinkler a m'kati mwa mashelefu kapena thanki yokulirapo. Mufunsenso za pampu ya dizilo, popeza magetsi muno mu Lusaka amazimazima. Matiresi asalowe lipoti lake lisanatuluke.