Funsani Amisiri: Kachitofu kanga kanapangidwa ndi yani?

Funso: Ndinagula kachitofu ka gasi kopinda miyendo pa msika wa Lizulu kuti ndiziphikira ndikagona ku munda wa kachewere. Dzina lili pa sitika palibe wamalonda amene akulidziwa, ndipo tsopano gasi akumveka fungo polumikizira. Ndingadziwe bwanji kampani yeniyeni imene inakapanga kuti ndipeze sipeya? *Mlimi, Bembeke, Dedza.*

Yankho: Bambo, choyamba musayatsenso mpaka mutapeza pamene pakudontha. Sungunulani sopo m'madzi, pakani polumikizira muli panja, kutali ndi moto. Pamene pakutuluka thovu ndi pomwe pali vuto.

Dzina la pa sitika nthawi zambiri limakhala la wogulitsa. Mafakitale a ku China ndi ku Korea amapanga zitofu zofanana zambirimbiri, ndipo woitanitsa aliyense amamatapo dzina lake. Wopanga weniweni nthawi zina amasiya chizindikiro pa chitsulo. Tembenuzani chitofu, pukutani mwaye ndi kansalu konyowa ndi palafini, kenaka yang'anani ndi tochi pansi pa miyendo, pa mbali pa kampopi kotsegulira gasi, ndi kunsi kwa sitikayo. Zilembo zodindidwa ndi zimene mukufuna. Zikayamba ndi FMS ndi za kampani ya Fire-Maple, zikayamba ndi KB ndi za kampani ya Kovea. Mukaona CE yotsatana ndi manambala anayi, monga 0063, limenelo ndi bungwe limene linayesa chitofucho, osati wopanga. 0063 ndi Kiwa ya ku Netherlands. Koma pafupi pake pamakhala nambala yaitali ya satifiketi. Ilembeni pa Google monga momwe ilili, kapena jambulani chitofu mutachotsa sitika n'kufufuza ndi Google Lens. Mwina mudzaona chitofu chanu chomwecho chili ndi maina ena.

Komabe tikuuzeni zoona: pa vuto lanuli, mtundu wa polumikizira ndi wofunika kuposa dzina. Ilipo inayi imene imasokoneza anthu. Wina ndi wa mazinga, wopotokola, ndipo chitini chake cha gasi chimalembedwa EN 417. Uwu umalowana ngakhale makampani asiyane. Wina ndi wa kampani ya Campingaz, wa zitini zolembedwa CV, wongokanikiza n'kukhotetsa, wopanda mazinga. Wachitatu umaboola chitini cha magalamu 190, ndipo ukaboola sungachotsenso mpaka gasi atatha. Wachinayi ndi wa zitini zazitali zonga za mankhwala opopera udzudzu. Ambiri amakakamiza chitini cha mtundu wina, n'kuphwanya mazinga kapena kung'amba kamphira kozungulira ka m'kati. Kamphirako ndi kamene kamauma n'kusweka. Kachotseni ndi kamtengo kosongoka, osati singano, kuti musakande mkuwa, ndipo pitani nako ku sitolo ya zitsulo ku Dedza boma kapena ku Lilongwe kuti akayeze kukula ndi kunenepa kwake. Pemphani mphira wa nitrile wopirira mafuta. Chubu cha njinga musadulireko, chimafewa ndi gasi. Ngati thovu likutuluka pa chitsulo chenicheni, chitayeni. Chitofu cha gasi sawotcherera.

Chinanso, popeza muli ku Bembeke: gasi wa mtundu wa butane akakhala yekha m'chitini amasiya kusanduka mpweya kukazizira kufika pa 0°C, ndipo amafooka kale kusanafike pamenepo. M'mawa wa Juni ndi Julaye moto ukachepa, musaganize kuti chitofu chafa. Gonani ndi chitini m'bulangeti, kapena gulani chosakaniza ndi gasi wa propane. Kuchitenthetsa pa moto ayi.

Funso: Agogo anatisiyira pulayimasi yamkuwa ya palafini yomwe anabwera nayo kuchokera ku Mozambique. Kodi ndi Primus yeniyeni? *Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu.*

Yankho: Mayi, kwathu kuno chilichonse chopopa timati pulayimasi, koma opanga anali ambiri. Primus inayamba ku Stockholm, Sweden, mu 1892, ndipo Optimus, Radius ndi Svea nawonso anali a ku Sweden. Yochokera ku Mozambique ikhoza kukhalanso ya Hipólito, kampani imene inali ku Torres Vedras, Portugal. Tsukani thanki ndi mandimu ndi phulusa losefa, muwerenge zodindidwa pamwamba ndi pansi pake. Khulupirirani thanki, chifukwa mutu woyakira ndi chitsekerero amisiri ankasinthanitsa. Primus inayamba kudinda chilembo cha chaka pansi pa thanki mu 1911: A ndi 1911, B ndi 1912, motero. Sipeya zambiri zimalowana. Kabowo kotulukira palafini nthawi zambiri kamakhala ka mamilimita 0.32, choncho gwiritsani ntchito kawaya kake kotokosera. Singano yosokera imakulitsa bowo ndipo moto umasanduka wachikasu, wamwaye. Pampu ikamapita mopepuka, viikani kachikopa kake m'mafuta a injini usiku wonse musanaganize zogula kena.