Kodi Wanis anapereka abale ake? Yankho pa filimu ya Al-Mummia

Mayi wina amene amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale wandilembera imelo ataonera filimu ya ku Egypt yotchedwa Al-Mummia. Akufunsa ngati nkhaniyi inachitikadi, komanso ngati mnyamata amene anaulula chinsinsi cha mtundu wake ayenera kutchedwa ngwazi kapena wopereka abale ake.

Mayi, funso loyambalo silivuta. Filimuyi, imene Shadi Abdel Salam anatulutsa mu 1969, inatengera zimene zinachitika ku Deir el-Bahari, kutsidya kwa mtsinje wa Nile moyang'anizana ndi Luxor. Zaka pafupifupi 3,000 zapitazo ansembe anasonkhanitsa mitembo youmika ya mafumu n'kuibisa m'manda amodzi a m'thanthwe poopa akuba. Abale a banja la Abd el-Rassul a m'mudzi wa Qurna anatulukira mandawo, ndipo kwa zaka zingapo ankatapamo zinthu pang'onopang'ono n'kumagulitsa. Katunduyo atayamba kuoneka kwa amalonda, Gaston Maspero, mkulu woyang'anira zinthu zakale, analamula kuti afufuze kumene akuchokera. Mu July 1881 Émile Brugsch ndi Ahmed Kamal, amene ankagwira ntchito pansi pa Maspero, analowa m'mandamo, ndipo anapeza mitembo makumi angapo, kuphatikizapo ya Ramesses II, Seti I ndi Thutmose III. Anasamutsa zonse m'masiku awiri okha.

Koma Wanis, mnyamata wa mtundu wa Horabat amene akuulula chinsinsi mufilimuyi, ndi munthu wopeka. Amene anaulula zenizenizo anali Mohammed Abd el-Rassul, ndipo anatero m'bale wake atamangidwa ndi kuzunzidwa, banja litagawanika, kenako analandira mphotho ya ndalama ndi ntchito. Wopanga filimu anachotsa mphothoyo kuti chotsala chikhale chikumbumtima chokha, ndipo apa mpamene funso lanu lachiwiri likulemera.

Ine sindimuona Wanis ngati wopereka abale ake. Kumbukirani usiku uja, bambo ake atangoikidwa m'manda, pamene akuluakulu akutenga iye ndi m'bale wake kupita nawo kuphanga kukawaonetsa chimene chakhala chikudyetsa mtundu wonse. Anyamatawo akuona ndi maso awo mtembo ukudulidwa pakhosi kuti achotse mkanda wagolide wokhala ndi diso la Horus, mulungu wa Aigupto akale. Ife amene timavula chipewa ndi kutsitsa mawu tikamadutsa pamanda sitifunika kutifotokozera chifukwa chake Wanis akunjenjemera. M'bale wake akukana poyera kudya za akufa, ndipo akuphedwa ndi anthu a mtundu wake womwe. Kwa akuluakuluwo mitemboyo ndi ya alendo opanda dzina, opanda mwana kapena mdzukulu, choncho kuifwamba si mlandu. Chimene chikumusautsa Wanis n'chakuti mlendo wochokera ku Cairo amatha kuwerenga zolembedwa pamiyala zimene iye wakulira pakati pake osazimva, ndipo akufa aja akangokhala ndi mayina asanduka makolo. Aigupto akale ankakhulupirira kuti munthu amene dzina lake lafafanizidwa ndiye wafa kotheratu.

Komabe musafulumire kuwaweruza a Horabat pamaso pa ana asukulu. Anali anthu a m'phiri louma opanda pena podalira, pamene phindu lalikulu linkapita kwa amalonda ndi ogula a kunja. Ndiponso nthambi ya boma imene inapulumutsa mafumuwo inkatsogozedwa ndi Mfalansa, Maspero uja, mwakuti Wanis akusankha pakati pa njala ya abale ake ndi boma limene silinamulabadirepo. Palibe njira imene ikanamusiya wopanda bala, ndipo n'chifukwa chake mawu akuti ngwazi nawonso ndimawaona operewera.

Mwina munadabwa kuti anthu akumudzi akulankhula modekha ngati ali pamwambo. Abdel Salam anasankha dala Chiarabu cha m'mabuku m'malo mwa cholankhulidwa tsiku ndi tsiku ku Egypt, ndipo Nadia Lutfi, amene anali katswiri wotchuka, anavomera kuoneka osalankhula mawu ndi amodzi omwe. Iyi ndi filimu yaitali yokhayo imene Abdel Salam anamaliza asanamwalire mu 1986.

Ngati mukufuna kuionetsa m'kalasi, funani imene inakonzedwanso mu 2009 ndi bungwe la World Cinema Foundation la Martin Scorsese, wopanga mafilimu wa ku America, chifukwa makope akale ndi akuda kwambiri moti ulendo wa m'bandakucha wonyamula mabokosi a mafumu kupita kusitima suoneka bwino. Mungawauzenso anawo kuti ambiri mwa mafumu omwewo anayendanso pa 3 April 2021, pamene mitembo 22 inasamutsidwa mwaulemu kupita kunyumba yatsopano yosungiramo zakale ku Fustat mumzinda wa Cairo, aliyense pagalimoto yolembedwa dzina lake.