Funsani Dokotala: Ndimutsekere m'chipinda kuti asiye tramadol?

Funso: Adokotala, mwana wanga wamwamuna anayamba kumwa tramadol atathyoka mwendo. Mwendo unapola kalekale koma sakusiya, amakagula yekha. Akapanda kumwa amatuluka thukuta, kutsegula m'mimba, thupi lonse kuphwanya. Achibale akuti ndimutsekere m'chipinda sabata imodzi. Kodi ndinalakwitsa pati pomulera?

Yankho: Mayi, simunalakwitse kalikonse pomulera. Tramadol ali m'gulu la mankhwala amphamvu ochepetsa ululu otchedwa ma opioid, limodzi ndi codeine, morphine, pethidine ndi heroin. Aliyense akamamwa tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, ubongo umazolowera, ndipo mankhwalawo akasowa thupi limavutika monga mukuoneramo. Mavutowo amafika poipa pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu.

Zomutsekerazo ndikukana kwamtuwagalu. Achibalewo akuganiza kuti akapirira sabatayo ndiye kuti wachira. Sabata imangochotsa mankhwala m'magazi, koma chibaba chimatha miyezi. Choopsa n'chakuti m'masiku ochepawo thupi limaiwala mlingo umene linazolowera. Akatuluka n'kumwa mapiritsi ochuluka ngati kale, kupuma kukhoza kuima. Anthu timawataya pa nthawi ngati imeneyi, pomwe abale akusangalala kuti wasiya. Kusiya tramadol mwadzidzidzi kumathanso kubweretsa mantha aakulu ndi kuona zinthu zomwe palibe, ndiye taganizani ali yekhayekha chitseko chokhoma.

Koma mwakhalitsa nayo nkhaniyi, mayi. Tsiku lomwe munaona kuti akugula popanda chikalata cha dokotala linali tsiku lobwera naye. Ndipo chonde musamupatse mapiritsi ogonetsa a diazepam kapena mowa kuti agone. Zimenezi zikakumana ndi tramadol zimafooketsa kupuma.

Pitani naye kuchipatala sabata ino, mutatenga mapaketi onse. Akanene zoona za kuchuluka kwa mapiritsi omwe amamwa, chifukwa kupyola 400 mg pa tsiku kumatha kuyambitsa kukomoka ngati wakhunyu. Dokotala akhoza kumuchepetsera mlingo pang'onopang'ono, kapena kumuyambitsa methadone kapena buprenorphine, omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005. Amenewa amaziziritsa chibaba, munthu n'kumagwira ntchito bwinobwino. Uphungu upitirire ngakhale ataterereka n'kumwanso. Mukafunsenso za naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wamwa mopyola mlingo.

Mukadzamupeza sakudzuka, akupuma mwapatalipatali, milomo itasintha mtundu, musadikire kuti kuche. Mugonekeni chammbali, muthamange naye kuchipatala.