Amuna anga akufuna nyumba ikhale chikole cha ngongole: ndisaine?

Mayi ena andilembera imelo. Iwo ndi amuna awo ali ndi ana awiri aang'ono, nyumba yawoyawo, ndi ngongole zinayi: ya galimoto, ya pa khadi la banki, ya kuntchito ndi ya katapila. Malipiro akangolowa, theka limapita kwa eni ngongolezo. Bambo akuti atenge ngongole imodzi yaikulu, nyumba ikhale chikole, abweze zonse, banja lipumeko. Mayiwo tulo sakuliona, ndipo akufunsa ngati asaine.

Mayi, musasaine kaye. Sindikuti amuna anu aganiza mopusa ayi. Ngongole ya chikole imakhaladi ndi chiwongoladzanja chotsika. Koma dziwani chomwe chimachititsa: banki ikutsitsa chifukwa yapeza chogwira. Lero mukalephera kubweza ya pa khadi, akuimbirani mafoni, dzina lanu lida, mwina akutengerani kukhoti. Mawa mukalephera ya chikole, agulitsa nyumba imene ana anu amagonamo. Ndipo m'mayiko ambiri, nyumba ikagulidwa motsika osakwana ngongoleyo, zotsalazo amakulondolanibe.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwa. Tinene kuti ngongole zonse ndi 1,000,000, chiwongoladzanja 30 peresenti pachaka, kubweza zaka 3. Pamwezi mupereka pafupifupi 42,000, ndipo pomaliza mudzakhala mutaonjezera pafupifupi 528,000. Muisamutsire pa nyumba, 15 peresenti, zaka 15. Pamwezi zitsika kufika pafupifupi 14,000, mtima m'malo. Koma chiwongoladzanja chonse chidzaposa 1,500,000. Peresenti yatsika ndi theka, chiwongoladzanja chonse chakwera pafupifupi katatu! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onjezanipo ndalama za woyeza mtengo wa nyumba, za loya ndi za inshuwalansi.

Funso lomwe simunandiyankhe m'kalata yanu ndi ili: ngongolezi zinabwera bwanji? Ngati linali tsoka la kamodzi, monga matenda kapena ntchito kutha, ndipo tsopano malipiro akukwana, kuphatikiza ngongole kungathandize. Koma ngati mwezi uliwonse mumadya zoposa zomwe mumapeza, ngongole yatsopanoyi singatseke pobowokapo. Khadi lija likhala loyera, katapila akumwetuliraninso, ndipo posachedwa mudzakhala ndi ngongole zakale zija kuphatikizapo ya nyumba. Izi ndimaziopa kuposa chiwongoladzanja.

Musadalirenso zoti mitengo ya nyumba imangokwera. Ku America, itagwa cha m'ma 2008, mabanja ochuluka anapezeka ali ndi ngongole yoposa mtengo wa nyumba zawo, ambiri n'kulandidwa.

Ine ndikanakhala inu, ndikanakhala pansi ndi bambo, ana atagona, n'kulemba ngongole iliyonse: yatsala zingati, peresenti yake, ndi zopereka pamwezi. Musabisirane, ngakhale ija yochititsa manyazi. Ya katapila muithamangitse poyamba, ndiyo imadya kwambiri. Kenako pitani kwa eni ngongole zinazo musanaphonye mwezi, mukawapemphe akutalikitsireni nthawi. Amamva bwino munthu wobwera yekha kusiyana ndi wothawa foni. Galimoto nayo muiganizire. Kuigulitsa n'kowawa, koma banja limagona bwinobwino popanda galimoto.

Mukachita zonsezi n'kuona kuti chikole ndiyo njira yokhayo, tengani ndalama zokwana ngongole zokhazo, osaonjeza za mipando. Sankhani zaka zochepa zomwe mungathe. Funsani ngati chiwongoladzanja n'chokhazikika kapena chimasintha, ngati pali chindapusa mukabweza msanga, komanso miyezi ingati mungaphonye asanayambe zolanda nyumba. Mapepalawo mupite nawo kunyumba, awerengedwe ndi loya amene si wa bankiyo. Ndipo muyese izi: mmodzi wa inu atakhala miyezi 6 osalandira, mungamalipirebe? Ngati yankho ndi ayi, auzeni bambo kuti simusaina.